Gitala ikamalira ngati njuchi, musathamangire kugula pikapu

Mnyamata wina woyimba lidi mu kwaya ya ku Ngabu anafika pakhomo panga Loweruka lina mu Okutobala, gitala ataikulunga m'chitenje, thukuta lili kamukamu. Malonje atatha anati, "Akulu, pikapu za gitalayi zafa. Mundiuze zoti ndikagule ku Limbe." Ndinamufunsa kuti zafa motani, poti gitala yakufa pikapu, timaginito tija ta pansi pa nsambo totola mawu, siyankhula n'komwe. Anati kulira ikulira, koma pansi pa nyimbo pamakhala njuchi, ndipo abusa akangoti tiyeni tipemphere, tchalitchi chonse chimamva zzzz mpaka wa pa mikisa amachita kumutsekera. Ndalama ya minibasi ndi ya pikapu zitatu anali atasonkha kale. Tinamasula chivundikiro cha kumbuyo, n'kupeza kawaya kamodzi kakuda katathothoka pamene kanawotchereredwa. Mtovu wochepa ngati kambewu ka mapira, mphindi zisanu, njuchi zinasamuka.

Zotere ndaziona kambirimbiri, kuchokera ku Dyeratu mpaka ku Bangula. Gitala ikayamba phokoso timaloza chala pikapu, chifukwa ndiyo ili poonekera, komanso ndiyo anzathu a kunja amaitchulatchula pa YouTube akamakamba zokometsa gitala. Iwowo amayimbira m'nyumba zozizira, zopanda fumbi, pa magetsi okhala ndi earth, waya uja wothawitsira magetsi osokera m'nthaka. Kuno kuchigwa adani athu ndi ena: thukuta la mchere, fumbi la m'chilimwe, chinyezi cha dzinja, ndi magetsi a jenereta kapena a invata odzera mu ekisitenshoni ya mawaya awiri. Chosintha chopindulitsa pa gitala ya kuno n'chimene chikulimbana ndi adani amenewa. Pikapu ili kumapeto kwa mzere, ndipo nthawi zambiri simufikako.

Yambani ndi khutu

Phokoso la gitala si limodzi. Pali lija lolemera, la pansi, loti ng'uuu mosadukiza. Limenelo ndi liwu la magetsi enieniwo. Magetsi a m'dziko muno ndi a mavoliti 230 ndipo amatembenuka maulendo 50 pa sekondi, ndiye pikapu ikawatola imawayimba pa liwu lomwelo, pafupi kwambiri ndi G wa pa fureti (kamzere kachitsulo ka pakhosi pa gitala) yachitatu ya nsambo yaikulu ya bezi. Mukakhala pa jenereta mudzamva liwulo likukwera ndi kutsika motsata injini. Wina akalumikiza fuliji ya zakumwa pa ukwati, injini n'kulemedwa, nalo limagwa pang'ono.

Lachiwiri ndi la njuchi lija, lopyapyala, lolasa m'makutu. Ili limachokera ku matchaja a foni, mababu a LED, machubu, invata, n'kulowera pa mawaya osaphimbidwa a m'mimba mwa gitala. Lachitatu n'lothetheka ngati bango likupsa, ndipo limabwera mukagwedeza kebulo, mukapotoza voliyumu kapena mukasuntha switchi yosankhira pikapu. Apo pali dothi, dzimbiri kapena cholumikiza chokhwepa. Chomaliza ndi mluzu woti tswiii mukakweza ampu, womwe sutha ngakhale mutagwira nsambo zonse ndi dzanja.

Aliyense mwa anayiwa ali ndi mankhwala akeake. Woyimba akabwera n'kungoti "ikusokosa", ndimamuuza ayeseze phokosolo ndi pakamwa. Amaseka, koma theka la ntchito limathera pomwepo.

Kusaka polowera

Sikuludiraiva ikhale kaye m'thumba. Ikani ampu pa voliyumu imene mumayimbira masiku onse, kenaka tsekani voliyumu ya pa gitala mpaka kumapeto. Phokoso likatha, likulowera m'gitalamo. Likapitirira, zulani kebulo ku ampu. Ndikuti ku ampu, osati ku gitala, chifukwa kebulo yolendewera mbali imodzi imalira ndithu ngakhale ili yabwinobwino. Ampu ikamang'ung'udzabe yokha popanda cholumikizidwa, vuto lili mwa iyo kapena ku soketi. Ikati zii, kayikirani kebulo, pedulo (kabokosi koponda kosintha mawu) ngati ilipo pakati, kapena jaki, polowera kebulo pa gitala. Bwerekani kebulo ya wa kiyibodi muyese, n'zosalira ndalama.

Tsopano tsekulaninso voliyumu, manja muchotse pa gitala, mumvetsere, kenaka gwirani nsambo. Apa m'pamene gitala imaulula.

Njuchi zikachepa mutagwira nsambo, gitala ili bwino. Thupi la munthu limatola phokoso la magetsi ngati eriyo, n'kumalithira mu pikapu imene yatsamira pamimba. Mukagwira nsambo thupilo lalumikizidwa ku earth, ndipo phokoso lapeza njira yothawira. Ambiri amaganiza kuti chimenechi n'chilema, pamene umu ndi mmene gitala inapangidwira. Ngati zikukuvutani, mankhwala ake ndi kuphimba m'kati, ndifotokoza pansipa.

Mukagwira nsambo osasintha kanthu, koma mukagwira chitsulo cha pulagi ya kebulo phokoso n'kuchepa, mwapeza matenda a mnyamata wa ku Ngabu uja: waya wolumikiza nsambo ku earth waduka. Phokoso likamakula mukagwira nsambo, kawirikawiri wina anawotcherera jaki n'kusemphanitsa mawaya awiriwo. Ndipo ngati nsambo zikukunyerenyetsani kapena kukulumani, ikani gitala pansi, muzimitse ku soketi, mudumphire ku gawo la magetsi.

Mayeso otsiriza ndi kuzungulira pang'onopang'ono gitala ili pathupi, ngati mukufuna netiweki. Ng'uuu amene akukula mukayang'ana uku n'kuchepa mukayang'ana uko ndi wa pikapu za koyilo imodzi (mpukutu umodzi wa waya), zija zopyapyala za pa gitala za mtundu wa Stratocaster ndi Telecaster. N'chibadwa chawo, palibe chaduka.

Jaki, wopalamula wamkulu

Mwa magitala amene amafika kwa ine akuthetheka kapena akudukiza mawu, ochuluka vuto lawo ndi jaki, kabowo kaja ka mamilimita 6.35 kolowetsa kebulo. Nkhani yake imayenda mofanana nthawi zonse. Nati ya kunja imakhwepa ndi kugwedezeka kwa pa kabaza ndi pa lole. Mwini gitala amaimanga ndi zala kapena pulayala ali kunja, osadziwa kuti jaki yonse ikuzungulira m'kati, mawaya awiri aja n'kumapotana ngati chingwe cha khonje. Tsiku lina, nthawi zambiri la ukwati, mmodzi amaduka.

Masulani tizomangira tiwiri ta kambale ka jaki, muitulutse, muigwire ndi dzanja uku mukumanga nati. Kumbuyo kwake kukhale wasala wa mano, ndipo pa mazinga dontheza kadontho ka kyutekisi wa akazi anu, kamagwira nati osaimata mpaka kalekale. Kachitsulo kopindika kamene kamakumbatira nsonga ya pulagi kakatopa, kakankhireni m'kati pang'ono kuti pulagi izilowa ndi kuti khe. Kakachita dzimbiri la thukuta, pukutani mopepuka ndi sandipepa wosalala kwambiri.

Powotcherera, waya wa mawu amapita pa khutu lolumikizana ndi kachitsulo kopindika kaja, wa earth pa khutu lolumikizana ndi mphete ya pakati. Musakhulupirire maso, makutu awiriwo amasocheretsa. Yesani ndi mita. Wokonza mafoni aliyense pa Nchalo kapena pa Ngabu ali nayo mita yolira ikapeza kuti zitsulo ziwiri zalumikizana, ndipo sangakukanizeni.

Mukandifunsa chinthu chimodzi choti musinthe pa gitala yotchipa, ndikuuzani jaki. Ya kampani ya Switchcraft, yotsekula ija, chitsulo chake n'cholimba ndipo chimakhalitsa chisanatope. Mukaiika, phunzirani kukoleka kebulo pa lamba wa gitala isanalowe mu jaki, kuti mwana wa Sande sukulu akaiponda, kukoka kuthere pa lamba.

Kebulo nayo ili ndi zake. Ya gitala imakhala ndi waya mmodzi pakati, wokutidwa ndi ukonde wa mkuwa womwe umatchinga phokoso. Ya sipika ndi mawaya awiri ogona limodzi opanda ukonde. Mapulagi ake amafanana, ndiye m'bokosi la zida za bandi zimasakanikirana. Mukalumikiza gitala ndi ya sipika, njuchi zimabwera ndi mfumu yawo. Masulani chivundikiro cha pulagi muone. Utali usapitirire kwambiri mamita 6, chifukwa kebulo yaitali imadya mawu akuthwa aja a pamwamba. Ikayamba kuthetheka musaitaye, kawirikawiri imadukira pakhosi pa pulagi. Dulani chala chimodzi kapena ziwiri, muwotcherere mwatsopano.

Za mtovu ndinenepo pang'ono, poti apa ambiri amawononga. Gwiritsani uja wa mawailesi, wa 60/40 wokhala ndi utomoni m'kati. Asidi wowotcherera maradiyeta asayandikire gitala, amadya mkuwa mwakachetechete kwa miyezi. Chowotcherera chikhale cha mawati ngati 40; kaja kakang'ono ka mafoni sikatha kutenthetsa msana wa poti (kachitsulo ka kuseri kwa chopotozera voliyumu), ndiye mtovu umangokhala pamwamba ngati ndowe ya mbuzi, lero wagwira mawa wathothoka. Malo owotcherera bwino amasalala, mtovu utayenderera.

Kawaya kakuda, ndi kuphimba m'mimba

Waya wolumikiza nsambo ku earth amabisala malo osiyana. Pa gitala ya mtundu wa Stratocaster mudzamupeza kumbuyo, atawotchereredwa pa chitsulo chokolekapo masipuling'i. Chitsulocho n'chokhuthala, sichitentha msanga, n'chifukwa chake pa magitala otchipa mtovu wa pamenepo umakhala wongonamizira. Palani pamalopo mpaka pawale, mutenthetse mokwanira. Pa Telecaster wayayo amangopanikizidwa pansi pa chitsulo cha bridge, potsamira nsambo pamimba pa gitala, ndipo thabwa likafota ndi kutentha amatha kulowa m'thabwamo osakhudzanso chitsulo. Pa mtundu wa Les Paul amalowa m'bowo la chimodzi mwa zitsulo zogwira nsambo kumapeto. Mita ndiyo mboni: nsonga imodzi pa nsambo, ina pa nati ya jaki. Ilire.

Zimenezo zikakhala bwino koma njuchi zikadalipo mukachotsa dzanja, yafika nthawi yophimba. Kwa ine iyi ndiyo ntchito yopindulitsa kuposa zonse kwa woyimba wa m'tchalitchi, chifukwa iye amakhala nthawi yaitali ali chete, ulaliki uli m'kati, babu la LED lili pamutu, matchaja a mpingo wonse atasanjikizana pa ekisitenshoni imene ampu ikudyapo.

Chotsani nsambo, mumasule chipulasitiki cha pamaso pamodzi ndi zonse zomangidwapo. Maenje onse a m'thabwa, mokhala mapikapu, mapoti ndi switchi, muwayale tepi ya mkuwa pansi ndi m'mbali, chidutswa chilichonse chikusanjika pa chinzake. Tepi ina guluu wake amadutsitsa magetsi, ina ayi. Ngati simukudziwa yanu, dontheza mtovu polumikizana paliponse. Siyani kamlomo ka tepi katulukire pamwamba pa thabwa pafupi ndi bowo la chomangira, kuti kakakumane ndi tepi imene muyale kunsi kwa chipulasitiki. Pomaliza, ndipo apa m'pamene ambiri amaiwala, lumikizani mkuwa wonsewo ndi kawaya ku msana wa poti ya voliyumu. Chophimba chosalumikizidwa ku earth sichitchinga kanthu, nthawi zina chimawonjezera phokoso.

Tepi ya mkuwa siipezeka pa grosale. Ikasowa, foyilo ya kukhitchini yokulungira nyama imagwira ntchito, mukaimata ndi guluu wa nsapato m'mbali mwake mokha, posanjikizana pakhale popanda guluu. Vuto lake n'lakuti mtovu sugwira pa aluminiyamu, ndiye kawaya ka earth mukapanikize ndi chomangira chaching'ono m'thabwa. Ndinaphimbapo gitala yanga yoyamba motero, ndipo inatha zaka.

Mukabwezeretsa zonse gitala n'kungoti zii osatulutsa mawu, musachite mantha. Mwendo wina wa switchi kapena nsonga ya jaki yakhudza chophimba. Matani tepi yakuda ya magetsi pamalopo. Dziwaninso malire a ntchitoyi: imathamangitsa njuchi, koma ng'uuu wa koyilo imodzi uja imangomupepuza pang'ono, chifukwa iye amalowa ngati mphamvu ya maginito, ndipo mkuwa wopyapyala sumuletsa.

Magetsi: apa si za mawu okha

Kawaya kakuda kaja kali ndi mbali ina imene woyimba aliyense ayenera kuidziwa. Kamalumikiza zala zanu, kudzera mu nsambo ndi kebulo, ku chitsulo cha ampu. Ampu ikakhala ndi earth weniweni, palibe choopsa. Ikakhala yopanda earth n'kuchita vuto m'kati, magetsi amafuna njira yopita pansi, ndipo njira imeneyo mukhoza kukhala inu, makamaka milomo ikakhudza maikolofoni dzanja lili pa nsambo. Mu 1972 woyimba gitala wa ku Scotland, Leslie Harvey, anafera pa siteji ku Swansea atagwira maikolofoni yopanda earth. Kachiluma kaja ka pa mlomo kamene timaseka pa zoyeserera n'kamwana ka imfa yomweyo.

Tsono onani mmene timalumikizira kuno. Pulagi ya mano atatu, dzino lalitali la pamwamba ndilo earth. Ekisitenshoni zambiri za pamsika zili ndi mabowo atatu koma m'kati mwa chingwe muli mawaya awiri okha. Ampu yochokera ku Johannesburg imabwera ndi pulagi ya mano obulungira, ife n'kuidula, kusenda mawaya awiri, kuwalowetsa mu soketi ndi timitengo ta machesi, wachitatu uja n'kumusiya akulendewera. Pa ukwati wa kumudzi jenereta imangoikidwa pansi pa mtengo wa nimu, oyimba ali pa dothi lothiridwa madzi kuti fumbi ligone, ena atavula nsapato chifukwa cha kutentha. Kenaka tikudabwa kuti gitala ikulira.

Chosintha chachikulu pa "gitala" yanu mwina sichili pa gitala: ndi ekisitenshoni ya mawaya atatu enieni ndi mapulagi omangidwa bwino. Zida zonse za mawu, ampu, mikisa, kiyibodi, zidye pa gwero limodzi, mafani ndi fuliji ndi matchaja apite kwina. Ampu ikadya pa soketi ya khoma ili, mikisa pa ya khoma ilo, n'kuzilumikiza ndi kebulo, pamabadwa ng'uuu wina amene gitala sikumudziwa n'komwe. Kabokosi ka DI kokhala ndi switchi yolembedwa ground lift kamamuthetsa popanda kuika munthu pangozi. Chimene simuyenera kuchita, ngakhale wina atakuuzani kuti kwawo zinatheka, ndi kuthyola dzino la earth pa pulagi ya ampu.

Musanayambe kuyimba pamalo achilendo, ikani mita pa mavoliti a AC, nsonga imodzi pa nsambo, ina pa ukonde wa maikolofoni. Ikaonetsa mavoliti ochuluka, pali cholakwika, musayimbe. Itanani wa magetsi wodziwa ntchito aone earth wa nyumbayo kapena wa jenereta, ndipo mumufunse za chodulira magetsi cha RCD cha mamiliampu 30, chimene chimazimitsa chokha magetsi akayamba kudzera pa munthu. Kumbukirani kuti nthaka youma gwa ya mu Okutobala ndi Novembala siyendetsa bwino magetsi, ndiye chitsulo cha earth chimene chinkagwira ntchito mu Febuluwale chikhoza kufooka chilimwe chikafika pachimake. Nsapato zikhale kuphazi.

A sola ali ndi nkhani yawo. Invata zotchipa zimatulutsa magetsi okhakhala, odumphadumpha, ndipo ampu imawamva ngati macheka. Yolembedwa pure sine wave ndiyo yoyenera zida za mawu. Ngakhale ili yabwino, italikitseni ndi gitala. Ngati muli ndi pedulo, ichotseni pa adaputa muiyese ndi batire la mavoliti 9. Phokoso likatha, adaputa ndiye wolakwa. Ndipo foni ituluke m'thumba la buluku, poti pamenepo imakhala kuseri kwenikweni kwa mapikapu.

Mapoti ndi switchi

Kuthetheka kwa pa voliyumu ndi fumbi losakanikirana ndi thukuta. Zimitsani ampu, mupotoze uku ndi uku maulendo makumi angapo, nthawi zina kumatha pomwepo. Kukakanika, poperani mankhwala otsukira zolumikiza za magetsi pa kampata ka poti, pafupi ndi miyendo yake itatu, muchitenso chimodzimodzi pa switchi. Mafuta opopera omasulira mabawuti a dzimbiri si amenewo. Amatonthoza sabata imodzi, kenaka amaitana fumbi lonse la mu M1.

Poti ikatheratu, gulani ya mlingo womwewo. Ya pikapu ya koyilo imodzi nthawi zambiri ndi yolembedwa 250k, ya humbucker (pikapu ya makoyilo awiri) 500k. Mukaika ya 500k pa koyilo imodzi mawu amathwa kwambiri, ena amakonda, ena amati akulasa. Yakaleyo pitani nayo kusitolo pamodzi ndi kachipewa kake, chifukwa za ku America khosi lake n'lonenepa kuposa bowo la magitala ambiri a ku Asia, ndipo mano ogwira kachipewa amasiyana. Kuchoka ku Nsanje, kukwera Thabwa, kubwerako ndi poti yosalowa, zimawawa.

Nanga pikapu?

Tafika. Lumikizani kebulo ku gitala, voliyumu yonse, mita pa ma ohm, muyese pa nsonga ndi pa thupi la pulagi, pikapu imodziimodzi. Ya koyilo imodzi imaonetsa pafupifupi 6k, humbucker wamba pafupifupi 8k, zina zamphamvu kupitirira apo. Ikaonetsa nambala yotere, ndi yamoyo. Waya wokulungidwa m'katimo ndi wopyapyala ngati tsitsi, mizere zikwizikwi, ndipo thukuta likalowa limatha kumudula. Zikatero mita imaonetsa nambala yaikulu kwambiri, ya poti yokha, ndipo pikapu imangonong'ona kapena kukhala chete. Imeneyo ndiyo yakufa.

Yamoyo koma yosamveka bwino, yambani mwaisuntha. Dinani nsambo pa fureti yomaliza, mpata pakati pa nsambo ndi maginito ukhale mamilimita 2 mpaka 2.5, mbali ya nsambo zazikulu motalikirako. Ikayandikira kwambiri, maginito amakoka nsambo, mawu n'kumanjenjemera ngati gitala sinatchunidwe. Yoliza mluzu ija nthawi zambiri imakhala ikugwedezeka. Kasiponji pansi pake kamathandiza. Mluzu ukakanika, ndiye kuti phula limene limagwira koyilo mulibe kapena lachoka, ndipo amisiri amaiviika mu phula losungunuka la madigiri ngati 65. Nambala imeneyo ikuuzeni kanthu: kuno kunja kumapitirira madigiri 40, ndipo m'galimoto yotseka mawindo pa dzuwa mumatentha kuposa apo kwambiri. Gitala si yosiya m'menemo.

Tsono ng'uuu wachibadwa uja. Mankhwala ake anapezeka kalekale. Seth Lover wa ku kampani ya Gibson anapempha umwini wa luso la humbucker mu 1955, ndipo pofika 1957 inali pa magitala awo. Nzeru yake ndi makoyilo awiri oyang'anizana mosemphana, maginito nawonso mosemphana: mawu a nsambo amaphatikizana, phokoso la magetsi limafafanizana. Magitala ambiri a masiku ano a mtundu wa Stratocaster ali ndi nzeru yomweyi mobisika, chifukwa pikapu ya pakati anaikulunga mosemphana ndi zinzake. Ikani switchi pa malo achiwiri kapena achinayi mumve. Kukati zii, muli nayo kale humbucker yaulere, ndipo mawu a pamenepo, oyera ndi odumpha, ndi amene amakoma pa lidi ya sungura ndi rumba. Pa nthawi ya pemphero ingosunthirani pamenepo, kapena tsekani voliyumu, chala chaching'ono chizolowere.

Kugula pikapu kumamveka pa zifukwa ziwiri: yakale yafa, kapena malo amene mumayimba sabata ndi sabata ndi aphokoso moti zonse zapamwambazi mwachita koma sizikukwanira. Zikatero pali ma humbucker opyapyala olowa m'bowo la koyilo imodzi osasema thabwa. Seymour Duncan ndi DiMarzio amapanga, Fender nawo ali ndi zawo zotchedwa Noiseless. Sinthani imodzi yokha kaye, imene mumaigwiritsa kwambiri. Dziwani kuti zina mwa izo mawu ake ndi onenepa, kuthwanima kuja kwa nsambo zing'onozing'ono kumachepako, ndipo kwa woyimba lidi yoyera imeneyo si nkhani yaing'ono. Za kampani ya EMG zoyendera batire la mavoliti 9 n'zachete kwambiri ndipo sizifuna kuti nsambo zilumikizidwe ku earth, chomwe n'chabwino pa magetsi okayikitsa, koma batire likathera pakati pa ukwati ku Makhanga mudzalisaka kuti? Chenjeraninso ndi za dzina lalikulu pa mtengo wa tomato. Dzina amatha kudinda aliyense.

Mnyamata wa ku Ngabu uja ndalama yake inatsala yambiri, ndiye anandifunsa kuti aithire pati. Ndinati, "Mphwanga, gula nsambo mapaketi angapo, zokutidwa zija ngati ungazipeze, poti thukuta lako limadya wamba pa masabata awiri. Gula kansalu kopukutira ukamaliza kuyimba, ndi pensulo." Pensulo ndi yopaka m'timipata ta kumutu modutsa nsambo, kuti zisamagwire, gitala zambiri zimene amati makiyi ake ndi oipa, vuto limakhala pamenepo ndi pa kukulunga nsambo mizere yambirimbiri m'malo mwa iwiri kapena itatu. Chogwedezera mawu, kandodo kaja ka pa bridge, ngati sachigwiritsa, ndinamuuza apanikize kathabwa kumbuyo kuti bridge isamasunthe. Khosi la gitala nalo limapindika nyengo ikasintha, kuchoka ku chilimwe kulowa dzinja, koma imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Munthu mmodzi yekha ndiye ndinamutumapo kukagula pikapu mosakayika. Anali bambo wachikulire wa kutsidya kwa Shire, amene gitala yake inagona m'madzi a namondwe Freddy mu Marichi 2023. Anaibweretsa matope atauma m'maenje onse. Tinaimasula chidutswachidutswa, kutsuka, kuyanika pamthunzi masabata atatu, osati padzuwa, kuopa kuti thabwa lingang'ambike. Mapoti, switchi ndi jaki zinali zotayika, tinaika zatsopano, n'kuyalanso mkuwa poti m'mimba munali motsekula kale. Pa mapikapu tinaika mita. Ya kukhosi inayankha, ya pakati inayankha, ya ku bridge inangoti duu. "Bambo, iyi yokha ndiye mukagule," ndinawauza. Anapita ku Limbe, anabwera nayo imodzi. Ziwiri zija zinamwa madzi a Shire zikuyimbabe m'maukwati a kutsidyako mpaka lero.